Geti Limene Henneh Anawotcherera

Kwathu kuno ku Bepokrom tinali anthu a matimati basi, mpaka tsiku limene msewu wa phula unatidutsa. Phula litangofika, tauni inayamba kufufuma. Mabanki atatu, malo omwetsera mafuta mbwee, wailesi yathuyathu, ndi nyumba zosanja zimene eni ake ankazithawa zisanafike padenga. Alendo anadzaza, ena ochokera kumpoto, ena ku Togo. Ndiye mukudziwa, munthu akanenepa amafuna malaya atsopano. Ife tinafuna timu ya mpira ya mu ligi yaikulu, kuti Lamulungu lililonse dzina lathu lizitchulidwa limodzi ndi Kumasi ndi Accra. Chaka chathachi tinaipeza. Palibe anakumbuka zoti mutu ukakula sulewa nkhonya. Bepokrom United itakwera tinavina masiku atatu, msika osatsegula.

Akuluakulu a ligi ku Accra sanatikhulupirire. Anati kodi katauni kameneko kangasunge timu? Analamula khoma lotalika mamita atatu, mpanda wa waya kuzungulira pomenyera mpira, ndi mageti awiri otulukira. Ananenanso kuti pa masewera oyamba a pakhomo atumiza munthu wawo kudzaona, ndipo mwala ukangouluka umodzi wokha, timu yathu izikasewerera kwina, ulendo wa maola anayi. Kumeneko n'kuipha timu, chifukwa ndani angasiye matimati akuola n'kumakwera basi sabata ndi sabata?

Zitsulo zonse za bwalolo anazipanga ndi Masita Henneh, wowotcherera wa tsidya la msewu. Anali bambo wamfupi, wotambalala m'mapewa, manja onse zipsera za moto, maso ofiira nthawi zonse. Sankaseka pachabe. Ntchito ya bwalo anaigwira miyezi isanu osalandira ndalama ngakhale sidi imodzi, chifukwa tauniyi ankaikonda ngati kuti anaibereka yekha. Geti lalikulu analikongoletsa ndi chithunzi cha chitsulo cha tomato wovala chipewa chachifumu. Geti la kumbuyo linali laling'ono, la mipiringidzo, lolowa m'khoma pansi pa konkire, ndipo linkatulukira kumunda wa chinangwa.

Henneh anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Takyi, goloboyi. Mwanayo anatalika mpaka kumawerama polowa m'nyumba ya bambo ake. Zaka zisanu ndi chimodzi anagwira pagolo la Bepokrom, kenako timu ya Adum Royals ya ku Kumasi inamutenga. Henneh anakwiya, koma chithunzi cha mwanayo atavala jezi ya Royals anachimata pakhoma la shopu, kuseri kwa chitseko. Ndiye taonani tsoka lake: ndandanda wa ligi utatuluka, alendo athu oyamba anali Royals yomweyo.

Lachitatu la sabata imeneyo, Takyi anafunsidwa pa wailesi ina ku Kumasi.

"Kwanu kwakula, eti?" anatero muulutsi. "Tauni ija ingasunge timu ya ligi yaikulu?"

Takyi anaseka kaye. "Anthu alipo, matimati aliponso. Koma kwathu sitinaphunzire kugonja. Zaka zonse zimene ndinagwira pagolo paja sitinagonjepo pakhomo, ndipo si chifukwa cha ine ayi. Oyimbira ankadziwa kuti basi yobwerera kwawo imadutsa pamsika pathu. Bepokrom ndi mudzi umene wangonenepa."

Zinali zoona, abale, n'chifukwa chake zinapweteka. Wailesi yathu inatola mawuwo n'kumawabwereza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pakati pa nyimbo ndi mauthenga a maliro. Anthu odutsa pashopu ya Henneh ankachedwetsa njinga zawo dala.

"Masita, mwadzuka bwanji kumudzi wonenepa kuno?"

"Masita, mwanayu munamudyetsa matimati a kuti? Akuoneka kuti anamutsegula m'kamwa!"

Henneh ankangotsitsa chigoba chake chotchingira maso n'kuyatsa moto. Koma atafika kunyumba anamasula mkwiyo wonse pa mkazi wake, Maame Pomaa, amene anali kusinja fufu, nsima yathu ya chinangwa, panja.

"Wamumva mwana wako uja?"

"Akagwira mpira pa kanema ndi wanu, akatsegula pakamwa ndi wanga," anatero Maame Pomaa, osasiya kusinja. "Chabwino, ndi wa mtundu wanga, ndavomera. Ndiye muimbireni foni, mumuuze kuti Lamulungu adwale. Anthu a m'tauni muno ndikuwamva kumsika, sakulankhula za mpira."

"Ine ndimupemphe iyeyo? Abwere. Adzaone ngati mudzi umakhala ndi bwalo lotere."

Foni inalira kawiri madzulo amenewo, dzina la Takyi likuwala. Henneh anaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

Lachisanu munthu wa ligi anafika, kabambo koonda ka tayi. Anayeza khoma, anagwedeza waya, anatsegula mageti onse awiri n'kulemba m'buku lake. Loweruka masana, pashopu panaima galimoto ya Tcheyamani Ankamah, mkulu wa ochemerera timu, mwini malole asanu onyamula matimati. Munthu ameneyu ankalankhula motsitsa mawu ngakhale popempha madzi akumwa.

"Masita, sing'anga wathu uja wamaliza ntchito pageti lalikulu," anatero. "Wakwirira zinthu zake pansi pa khomo. Mlendo aliyense wolumpha pamenepo, miyendo izikamulemera ngati wanyamula thumba la simenti. Vuto ndi limodzi. Mwana wanu amalidziwa geti la kumbuyo. Akawalowetsera kumeneko anzake, mbuzi yakuda imene tinapereka kwa sing'angayo yafa ulele."

"Ikani loko," anatero Henneh.

"Loko amadula. Mlonda amagulidwa ndi botolo limodzi. Ine ndikufuna madontho awiri okha a moto wanu, pamwamba ndi pansi, oti Lolemba tikamenya ndi hamala geti litseguka."

Henneh anapukusa mutu. "Tcheyamani, anthu zikwi zisanu ndi zitatu, khomo limodzi? Kutati kwagwa kanthu?"

"Kugwa chiyani, tikapambana? Anthu opambana amatuluka akuvina." Ankamah anayang'ana kuseri kwa chitseko, pamene panali chithunzi chija, n'kumwetulira. "Kapena mwina tinalakwitsa kubwera kuno. Magazi ndi magazi. Anthu akufunsa kale kuti Lamulungu Masita adzakhala mbali iti."

Mawu amenewo anamulasa Henneh penipeni. Munthu wawotcha manja miyezi isanu, lero azimufunsa mbali? Ankamah anangomuona nkhope n'kupita akudziwa kuti zatheka.

Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, Henneh anakokera makina ake kugeti la kumbuyo n'kuwalumikiza ku jenereta ya bwalo. Anaika dontho limodzi pamwamba, lina pansi, monga anagwirizana. Anayamba kukulunga chingwe. Pomwepo kawailesi ka mlonda, kamene kanali pampando, kanabwerezanso mawu aja, ndi kuseka komwe kwa Takyi koyambirira kuja. Kusekako ndi kumene Henneh sanathe kukupirira. Anatola kandodo kena kowotcherera, n'kuyamba pamwamba penipeni pa geti, kutsika nako pang'onopang'ono mpaka pansi. Anatembenukira mbali ya kumahinjesi, chimodzimodzi. Anatha tindodo khumi ndi kamodzi. Atamaliza, geti ndi felemu yake zinali chitsulo chimodzi. Anapakapo penti yobiriwira, n'kusiya loko ili lende pamalo pake kuti zioneke ngati zakale.

Atafika kunyumba, Maame Pomaa anamununkhiza utsi. "Ntchito yanji pa tsiku la Mulungu?"

Anamuuza, monyada ndithu. Mayiyo anakhala pansi pafupi ndi mtondo n'kugwira mutu.

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero. "Pitani mukatsegule."

"Za mpira sumazidziwa iwe," anatero Henneh, n'kukasamba.

Pofika thuu koloko bwalo linali tho. Ena anakwera pansanja yosamalizidwa ya kumadzulo, pamene mabuloko anali akadali milumilu. Ng'oma, malipenga, amayi ogulitsa madzi a m'mapepala ndi nthochi zokazinga, aliyense atavala zofiira. Henneh anakhala pansanja yomweyo, mzere wapamwamba, pomwe ankaona mkati ndi kunja komwe.

Basi ya Royals inabwera ikugendedwa ndi matimati owola. Anthu anatsegula njira yolunjika kugeti lalikulu, akudikira kuona alendo akulumpha mankhwala. Koma basiyo sinapite kugeti lalikulu, ndiponso sinapite ku la kumbuyo. Inakhotera pambali n'kukaima mogundana ndi khoma. Osewera anakwera padenga la basi, nsapato atazikoleka m'khosi, n'kumalumphira mkati mmodzimmodzi. Nawonso anali ndi sing'anga wawo, ndipo anawauza kuti mageti onse a Bepokrom ndi okhwimira. Mmene timachitira ife tikapita kwa anzathu, ndi mmene anatichitira. Anthu anakuwa, ena anaseka, Ankamah anaponya chipewa pansi.

Henneh sanaseke. Anaona kuti tindodo take tonse tapita pachabe, kenako anazindikira chinthu china: Takyi sanafike pageti lija, ndiye sankadziwa kuti ndi lotseka. Anatsika pansanja, nakankhana ndi anthu mpaka pawaya, kuseri kwa golo limene alendo ankaphunzirirapo. Takyi anamuona, nkhope yake yonse inawala.

"Agya!" anakuwa, kuitana bambo akewo, akukweza golovesi. "Mwabwera!"

Anthu onse a pamenepo anatembenuka kuyang'ana Henneh. Mawu anali kale pakamwa, mawu ochepa chabe, oti geti la kumbuyo ndatseka. Koma akanawanena bwanji pakati pa makutu onsewo? Anayang'ana kumbali ngati sanamve, nabwerera pamalo pake.

Mpira unayamba. Anyamata athu anathamanga ngati agalu olusa, ndipo kunena zoona anasewera bwino. Koma pagolo panali Takyi. Wapansi anagwira, wam'mwamba anaupatulira kunja, wina anautchinga ndi nkhope mpaka mphuno inatuluka magazi. Kumbuyo kwake anthu ankamutukwana, kutukwana mayi ake, kumugenda ndi matimati mpaka jezi yachikasu inasanduka yofiira kumsana. Iye osatembenuka. Henneh anadzipeza akukunga zibakera mwanayo akauluka, ndipo sankadziwa ngati akufuna kuti augwire kapena auphonye.

Mphindi makumi asanu ndi anayi zinakwana popanda chigoli. Woyimbira anayang'ana wotchi, anayang'ana anthu, nayang'ananso wotchi. Anali munthu wa ana ake, ndipo ankadziwa kumene ali. Mpira unapitirira. Mphindi zisanu, zisanu ndi ziwiri. Pa yachisanu ndi chitatu, womwetsa zigoli wathu analowa m'bokosi, napunthwa pa mwendo wake womwe, n'kugwa chafufumimba popanda womukhudza. Wezulo inalira. Penate!

Bwalo linagwedezeka. Kaputeni wathu anaika mpira pamalo, nabwerera m'mbuyo, naumenya kumanzere. Takyi anali kale komweko. Anaupatula.

Wezulo inaliranso. Woyimbira, thukuta lili kamukamu, analoza mzere kuti goloboyi anasuntha msanga, abwereze. Osewera a Royals anamuzinga, koma Takyi anangoseka n'kubwerera pamzere wake, akuwomba magolovesi. Kaputeni anamenyanso, ulendo uno kumanja, mwamphamvu. Takyi anaugwira ndi manja awiri, gwa, n'kugwa nawo pachifuwa.

Akanangogona nawo pomwepo, mwina bwenzi titatukwana n'kupita kwathu. Koma mwana wa Henneh anali mwana wa Henneh. Anadzuka, naona mnzake ali yekha pakati pa bwalo, osewera athu onse ali pa woyimbira kupempha penate yachitatu. Anauponya mpirawo ndi dzanja limodzi, kutali. Mnzakeyo anathamanga nawo, namupita goloboyi wathu, naugubuduzira muukonde.

Kunali zii. Zaka khumi ndi zinayi chigoli chotigonjetsa chisanalowe pagolo limenelo. Woyimbira anaimba wezulo yomaliza ali kale pa liwiro.

Botolo loyamba linachokera kunsanja ya kum'mawa. Kenako mabuloko. Anthu anakhamukira pawaya n'kuyamba kuugwedeza, kutsogolo, kumbuyo, akuimba. Waya wa Henneh sunaduke, koma simenti ya m'mitengo yake inali yaiwisi, ndipo mpanda wonse wa mbali imodzi unagona pansi, anthu n'kuyenda pamwamba pake. Anthu anamupeza woyimbira asanafike kuchipinda chovalira. Wina anamutchera mwendo, wina anamuponda kumaso, mano awiri anatsala paudzu. Apolisi analipo asanu ndi atatu okha. Anamukoka m'manja mwa anthu, namulowetsa m'chipindamo limodzi ndi kabambo ka ligi kaja, n'kudzitsekera. Kugeti lalikulu amayi ndi ana ankafuna kutuluka, anyamata a kunja ankafuna kulowa ndi zibonga, ndipo palibe ankasuntha.

Osewera a Royals anaunjikana pakati pa bwalo, atatchinga mitu ndi manja. Henneh, ali pamwamba paja, anaona jezi yachikasu ija ikutembenuka uku ndi uku. Kenako anaona Takyi akukweza dzanja, kuloza kugeti la kumbuyo, n'kuyamba kuthamanga, anzake onse pambuyo pake.

"Ayi!" anakuwa Henneh. "Takyi, kumeneko ayi!"

Ndani akanamumva? Anakwera pamwamba pa khoma kuseri kwa nsanja, nadziponya kunja pamulu wa mchenga. Bondo linalira, koma anadzuka. Anawoloka msewu, nathyola loko wa shopu yake yomwe chifukwa makiyi anali atagwa, natola galayinda, makina ake odulira zitsulo, naiyesa pasoketi. Zii. Magetsi anali atazima, ndipo jenereta inali mkati mwa bwalo. Anaiponya pansi galayindayo, natenga hamala yaikulu ndi tchizulo, nathamanga motsimphina kuzungulira khoma, kudutsa m'chinangwa.

Anawapeza atapanikizana kuseri kwa mipiringidzo, anyamata khumi ndi mmodzi ndi ena a pabenchi, maso ali tong'o. Wina mutu unali utang'ambika, magazi akutsikira m'khutu. Takyi anali ataphwanya kale loko ndi buloko, ndipo ankalikoka getilo ndi mphamvu zake zonse.

"Agya! Lakana! Loko ndachotsa koma lakana!"

"Kweza anzako pakhoma!" anakuwa Henneh. "Ine nditsegula!"

Takyi anaima motsamira khoma, nalukanitsa zala. Mnzake woyamba anaponda m'manjamo, Takyi anamukankhira m'mwamba, mnyamatayo anagwira pamwamba pa khoma nagwera m'chinangwa. Wachiwiri. Wachitatu. Miyala inali itayamba kale kuwagwera, ndipo gulu linkabwera kudutsa bwalo, osathamanga n'komwe, chifukwa linkaona kuti nyama ilibe kolowera.

Henneh anaika tchizulo pamzere wa penti yobiriwira namenya. Khoo! Tchizulo inaterereka. Anamenyanso, namenyanso. Penti inachoka, pansi pake panaoneka mzere wake uja, wosalala, wonenepa, wopanda kabowo ngakhale kamodzi. Anayesa kumahinjesi. Chimodzimodzi. Anamenya mpaka hamala inamuphonya n'kumuphwanya chala chachikulu, iye osamva. Nsonga ya tchizulo inathyoka n'kuuluka. Pachitsulo panangotsala timabala tonga ta mano a khoswe.

"Agya, fulumirani!"

"Ndikutsegula, mwanangu! Ndikutsegula!"

Wakhumi anadutsa. Wa mutu wong'ambika uja anamukweza movutika, anzake awiri atakhala pamwamba pa khoma kumukoka. Atatha onse, Takyi anatsala yekha, wopanda womupondetsa. Analumpha, anzake aja anamugwira m'mikono, anayamba kukwera. Pomwepo gulu linafika. Anamugwira miyendo n'kumukokera pansi, ndipo anagwa chagada pakonkire.

Zimene zinachitika pamenepo Henneh anaziona zonse, patali ngati apa ndi apo, mipiringidzo yokha pakati. Anthu anamumenya Takyi mateche m'nthiti, m'mimba, kumutu. Takyi anadzipinda, nayesa kudzuka, wina anamuswera thabwa pamsana. Ndipo sanali alendo ayi. Henneh ankawadziwa mmodzimmodzi. Uyo anamukonzera wilibala. Uyo anaphunzira kalasi imodzi ndi Takyi. Uyo ndi wa kwaya kutchalitchi kwawo. Anawaitana mayina, mayina a amayi awo, koma nkhope zawo zinali zitachoka.

Ankamah anafika akupuma mwawefuwefu, malaya atang'ambika. Henneh anamukuwira.

"Tcheyamani! Aletseni! Ndi mwana wanga, Tcheyamani!"

Ankamah anakweza manja, anthu anabwerera pang'ono. Analankhula ndi mawu ake otsika aja.

"Musamuphe, mutiika m'mavuto. Amene atilakwira ndi manja akewa."

Anthuwo anamudzutsa Takyi n'kumugwaditsa pageti. Amuna awiri anagwira mkono uliwonse, n'kuyala manja ake, magolovesi ali momwemo, pachitsulo chopingasa cha pakati pa geti. Wonyamula mabokosi a matimati wina, dzina lake Fosu, anabwera ndi buloko lathunthu.

Henneh anataya hamala, nalowetsa mikono yake pakati pa mipiringidzo, naphimba manja a mwana wake ndi ake. "Menyani anga! Fosu, ndine ndakupangira ngolo iwe! Bwalo lino ndamanga ndine! Menyani anga!"

Wina anamubaya ndi ndodo ya mbendera pachifuwa kudzera m'mipiringidzo momwemo, ndipo Henneh anagwa chagada m'chinangwa. Asanadzuke anamva kulira kwa buloko, ndi getilo likunjenjemera. Anamva kachiwiri. Anaimirira n'kuona buloko likutsika kachitatu padzanja lamanja, golovesi n'kuphulika m'mbali. Takyi sanaitane bambo ake. Anaitana mayi ake, kamodzi, ndi mawu a kamwana. Kenako Fosu anasamukira kudzanja lamanzere. Buloko linasweka pakati, Fosu anatola chidutswa chachikulu n'kupitiriza.

Utsi wokhetsa misozi utayamba kuphulika, apolisi ena atafika kuchokera kuboma, anthu anabalalika. Takyi anatsala atatsamira geti, mutu uli pamipiringidzo, manja ali pamiyendo ngati zinthu za munthu wina. Henneh anagwada kunja, namugwira tsaya kudzera pampata. Sakanatha kumunyamula. Anachita kuzungulira khoma lonse, motsimphina, kukalowera kugeti lalikulu, kumene anthu anali atagoneka pambali mayi wogulitsa madzi ndi mkulu wina, atawafunditsa nsalu. Awiriwo anafa popanikizana pakhomo. Henneh anamubereka Takyi kumsana, miyendo ikukwekwereka pansi, kudutsa bwalo lonse.

Lolemba m'mawa magetsi anayaka. Ankamah anatumiza uthenga kuti apolisi abwera kudzaona mageti masana. Henneh anapita ndi galayinda, ndipo ntchito imene inakana hamala inatha m'mphindi zisanu ndi zitatu. Anasalaza bwinobwino, napakanso penti. Apolisi anapeza geti likutseguka ndi chala chimodzi, ndipo analemba kuti alendo analephera kulitsegula chifukwa cha mantha. Lachitatu kalata ya ligi inafika: bwalo latsekedwa, timu izikasewerera kutali. Pa wailesi yathu anthu anayambiranso kukangana ngati tauni ino ingasunge timu, ena akuti vuto ndi woyimbira, ena akuti ndi simenti. Henneh anazimitsa wailesiyo n'kuiika m'bokosi la zitsulo zakutha.

Takyi anamugoneka m'chipatala ku Kumasi. Madokotala anachotsa zala ziwiri kudzanja lamanja, ndipo anati lamanzere silidzafumbatanso. Maame Pomaa ndiye ankagona pansi pambali pa bedi, kumusambitsa, kumudyetsa. Henneh ankafika tsiku lililonse, koma ankathera pabenchi la panja. Ankaopa. Munthu amene sanaopepo moto ankaopa chitseko cha wodi.

Tsiku lachisanu, Maame Pomaa anatuluka ndi mbale ya fufu ndi msuzi wa nkhuku, namuika m'manja.

"Ine sindinamuuze kanthu," anatero. "Ndatopa. Kamudyetseni mwana wanu."

Henneh analowa. Takyi anali atakhala motsamira pilo, diso limodzi lotupa, manja onse awiri atakulungidwa mpaka m'zigongono, atagonekedwa pamapilo ena. Henneh anasamba m'manja, nakhala m'mphepete mwa bedi, nadula fufu pang'ono n'kumuviika mumsuzi.

"Chala chanu chatani?" anafunsa Takyi.

"Hamala."

"Munamenya kangati?"

"Sindinawerenge."

"Munangotaya mphamvu, Agya." Takyi ankalankhula pang'onopang'ono chifukwa cha nthiti. "Ine nditangochotsa loko ndinadziwa kuti silitseguka. Penti inali isanaume, inandimata m'magolovesi. Ndiye ndinauona mzerewo. Kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzanja osanjenjemera pena paliponse. M'tauni monse muja ndani wina amawotcherera choncho?"

 Misozi ya Henneh inangotsika, kudutsa m'masaya, mpaka m'ndevu. Anafuna kuti mwanayo amutukwane, amuthamangitse, aitane apolisi. Takyi anangomuyang'ana ndi diso limodzi lija.

"Ndipatseni," anatero. "Ndili ndi njala, ndipo ndilibe wina wondidyetsa."

Anayasama. Henneh anakweza dzanja, koma linkanjenjemera kwambiri moti msuzi unadonthera pabandeji, ndipo anachita kuligwira ndi linzake kuti lifike pakamwa pa mwana wake.